Mayi Amene Anajambula Denroku ndi Timadontho

Tokiko Nagase analowa ntchito yopanga magemu a ana ali ndi zaka 35, asanasewerepo gemu ngakhale imodzi, ndipo zimenezo sankazibisa.

Anabadwira ku Izumiotsu, kum'mwera kwa Osaka, kumene khomo lililonse linali ndi munthu wogwira ntchito ku fakitale ya mabulangete kapena ya majuzi. Bambo ake ankanyika ulusi mu utoto, moti manja awo sankayera ngakhale pa tsiku la chaka chatsopano. Tokiko atamaliza sukulu analowa ku fakitale ya majuzi, koma pa makina sanakhalitsepo. Kapitawo anamupeza tsiku lina akujambula galu pa katoni nthawi ya nkhomaliro, n'kumusamutsira ku chipinda cha ojambula. Kumeneko ntchito inali yodzaza timabokosi ta pa pepala, kabokosi kamodzi kakuimira mfundo imodzi ya ulusi. Kwa zaka 16 Tokiko anajambula amphaka, maluwa ndi sitima zapamtunda pa mapepala amenewo, ndipo ana ambiri a ku Osaka anavala amphaka ake pachifuwa osadziwa kuti anawajambula ndani.

Mwamuna wake Isao ankayendetsa lole. Anamwalira pa ngozi pa msewu wa ku Wakayama mwana wawo Chiharu ali ndi zaka zinayi. Achibale anauza Tokiko kuti abwerere kwa makolo ake, iye anakana. Anati ali ndi manja, ali ndi ntchito, ndipo mwana ali ndi sukulu yake. Fakitale itatseka mu 1985, achibale omwewo anabweranso ndi mawu omwewo, iye anakananso, n'kuyamba kuwerenga tsamba la ntchito mu nyuzipepala m'mawa uliwonse. Tsiku lina anapeza kamzere kakang'ono: “Tikufuna munthu wodziwa kujambula pa pepala la timabokosi.”

Kampaniyo inali ya a Shibatani, zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya mababu ku Nipponbashi. A Shibatani anali munthu wamfupi, wothamanga mtima, amene kale ankapanga mfuti zamadzi ndi tizidole ta pulasitiki. Ataona kuti ana asiya kusewera panja n'kumakhalira makaseti a gemu pa wailesi yakanema, anagulitsa makina ake n'kugula makompyuta awiri. Analembanso Habara, mnyamata wa zaka 24 amene anasiya yunivesite pakati, wodziwa kulankhula ndi kompyuta kuposa kulankhula ndi anthu.

“Mayi, gemu mumaidziwa?” anafunsa a Shibatani.

“Ndimaona ana a kwa aneba akumenyanirana.”

“Munasewerapo?”

“Ayi.”

“Nanga mujambula bwanji chinthu chimene simunasewerepo?”

“Abwana, juzi ya mwana wa zaka zitatu ndinaivalapo ine? Koma ndazijambula zaka 16, ndipo palibe mwana anabweza.”

Habara, amene anali atakhala chagada pa mpando akusuta, anafotokoza mosafuna kuti munthu wa mu gemu amakhala timadontho 16 m'lifupi ndi 32 m'litali, ndipo mitundu ndi itatu basi. Ankaganiza kuti mayiyo aopa.

“Itatu?” anatero Tokiko. “Kwathu ku fakitale, ulusi ukadula ankandipatsa iwiri. Pepala lili kuti?”

Anamulemba tsiku lomwelo.

Gemu imene a Shibatani ankafuna inali ya Denroku. Masiku amenewo ku Osaka kunalibe mwana wosamudziwa Denroku. Loweruka ana akaweruka masana ankathamangira kunyumba, chikwama chili kumsana, kuti akapeze sewero lisanayambe pa kanema. Sewerolo linali lomwelomwelo mlungu uliwonse. Denroku, wantchito wa pa lesitilanti ya udon, chakudya chonga supageti cha mu msuzi, watumidwa kukapereka mbale imodzi kwa gogo wina wokhala m'chipinda chapamwamba. Amakwera njinga, thireyi ili paphewa. Panjira amakumana ndi galu, woledzera, wapolisi, anthu onyamula makwerero, koma msuzi osatayika ngakhale dontho. Akafika pakhomo pa gogo uja amaima chilili, kuyang'ana anthu oonerera kwa kanthawi, kenaka n'kuwerama mwaulemu kuti apereke moni, mbale yonse n'kumukhuthukira kumutu. Akatero amapukuta diso limodzi n'kunena mofatsa kuti, “Koma lero kunja kwacha bwino.” Anthu ankadziwa zimene zichitike, koma ankaseka mpaka kugwira nthiti. Mwini sewerolo, a Minatoya Denroku, anali atachita zimenezi zaka 22.

Tokiko anajambula Denroku wake woyamba poyang'ana zithunzi za m'magazini: kansalu kumutu, nsidze zikuluzikulu, jekete loyera. Habara anamulowetsa mu kompyuta, kamunthu kaja kanayenda pa kanema, a Shibatani anaomba m'manja. Ananyamula kanema ndi makina onse pa takisi kupita ku holo ya zisudzo ku Namba kuti mwiniwake akavomereze.

A Denroku anawalandira m'chipinda chovalira, atakhala pansi pa mkeka, akudya malalanje. Kunja kwa siteji anali munthu wosaseka, wa zaka 50, wa maso otopa. Pambali pawo panaima a Kusaka, amene ankayendetsa nkhani zawo zonse za ntchito. A Denroku anayang'ana kanema kwa mphindi imodzi.

“Ameneyu ndani?”

“Ndi inuyo, aphunzitsi,” anatero a Shibatani, akuwerama, poti akatswiri a zisudzo kumeneko amawalemekeza ndi dzina limenelo.

“Ine? Iyi ndi mbatata yovala jekete. Wajambula ndani?”

“Ndine,” anatero Tokiko.

“Mayi, munandionapo ndikuyenda?”

“Pa kanema.”

“Ndiye kanema wanu ngwakufa. Nsidze aliyense angajambule. Pitani mukagulitse mbatata yanu kumsika.”

Tokiko sanachite mantha. Anayang'ananso kamunthu kake n'kuona kuti bamboyo sakunama.

“Mwanena zoona, aphunzitsi, ndi mbatata. Mundilole ndizibwera kudzaonerera mukamayeserera. Milungu iwiri. Ndikalephera, mbatatayo ndidzadya ndekha pamaso panu.”

A Denroku anamuyang'ana, n'kumuponyera lalanje. “Muzikhala kumbali, ndipo musamaseke. Akaseka munthu mmodzi m'holo yopanda anthu ndimasokonezeka.”

Kwa milungu iwiri Tokiko ankaperekeza Chiharu pa geti ya sukulu, kukwera sitima mpaka ku Namba, n'kukakhala kuseri kwa nsalu ya siteji ndi pepala lake pa bondo. Masiku oyamba ankayang'ana nkhope. Kenaka anatsikira ku mapewa. Tsiku lachisanu anasiya zonsezo n'kumayang'ana mapazi okha, ndipo ndi pamene anaona chimene kanema sankaonetsa. A Denroku akaponda ndi mwendo wamanzere, thupi lonse linkatsika pang'ono, thireyi n'kupendekeka, ndiye phewa linkathamangira kukaiwongola. Kuyenda konse kumene ana ankatsanzira pa bwalo la sukulu kunkachokera pamenepo. Madzulo ake, akutuluka, anaona nsapato za a Denroku pa khomo la chipinda chovalira. Yakumanzere inali ndi chidendene chokhuthala kuposa inzake ngati zala ziwiri. Pa siteji ankavala masilipasi wamba.

Anabwerera ku ofesi n'kufufuta kadontho kamodzi ku mwendo wamanzere. Anauza Habara kuti kamunthu kakaponda ndi mwendo umenewo kazitsika, thireyi izitsalira pang'ono kenaka izitsatira.

“Mayi Nagase, mukudziwa kuti zimenezo zindidyera malo angati mu kaseti?” anadandaula Habara.

“Chotsa mitambo ija. Ndani amagula gemu kuti aziona mitambo?”

“Mitamboyo ndinavutika nayo masiku atatu!”

“Ndiye unavutika pachabe, mwanawe. Chotsa.”

Habara anang'ung'udza, koma anachotsa. Kamunthu kaja katayenda, iye mwini anaseka mpaka fodya anamugwa pakamwa. Sanali munthu wosekaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kutsutsa Tokiko pa nkhani ya zojambula.

Atapita nakonso ku Namba, woyamba kulankhula anali a Kusaka. Nkhope yawo inasintha kamunthu katangoponda kawiri.

“Zimitsani! Mayi inu, mwatani? Mwawajambula aphunzitsi akutsimphina? Zaka zonsezi palibe nyuzipepala inalembapo za mwendo umenewu, lero inu mukufuna muulowetse m'nyumba iliyonse ya m'dziko muno?”

“Sindinajambule kutsimphina,” anatero Tokiko. “Ndajambula mmene amayendera.”

“A Shibatani, pangano lathu latha. Nyamulani katundu wanu.”

“Kusaka, takhala chete,” anatero a Denroku. Anasendera pafupi ndi kanema, n'kuuza Habara kuti akayendetsenso. Anakayang'ana kakupita kumanja, kakubwerera kumanzere, kanayi konse.

Kenaka anayamba kulankhula, maso ali pa kanema. Anati anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndege za nkhondo zinatentha Osaka, ndipo khoma la sitolo ya atate awo linawagwera pa mwendo. Fupa linalumikizana mokhota. Kusukulu anzawo ankawatsanzira kumbuyo. Ndiye tsiku lina anaganiza kuti ngati anthu aziseka ndithu, bola aziseka iwo atafuna. Anayamba kukokomeza kayendedweko, kuwonjezera phewa, kuwonjezera khosi, mpaka palibe amene ankaonanso kuti pansi pake pali mwendo waufupi.

“Akazi anga anazindikira titakwatirana kale,” anatero. “Inu mwazindikira masiku angati?”

“Asanu, aphunzitsi.”

“Asanu! Kusaka, mayi awa ndi oopsa, usawakwiyitse.” Analoza pa kanema. “Uyu ndiye ine. Musasinthe kanthu.”

Mkangano wachiwiri unabuka ku ofesi, pa nkhani ya mathero. Gemu inali ndi misewu isanu ndi itatu, uliwonse wovuta kuposa unzake. A Shibatani ankafuna kuti mwana akadutsa yonse, Denroku afikitse mbale, gogo asangalale, nyimbo ilire. Ankati mwana amene wavutika milungu itatu ayenera kupambana, apo ayi makolo adzabwera ndi miyala. Tokiko ankati Denroku wofikitsa mbale si Denroku. Anakangana masiku awiri, mpaka a Shibatani anaimbira foni ku Namba kuti mwiniwake aweruze. Yankho linali lalifupi: “Denroku akafikitsa mbale, ine ntchito yandithera.” Choncho anapanga monga mwa sewero. Pakhomo pa gogo kamunthu kankaima chilili, kuyang'ana wosewera, nyimbo n'kusiya. Mwana akadina batani lililonse, kankawerama, mbale n'kukhuthuka, mawu aja a kunja kwacha bwino n'kutuluka pansi pa kanema.

Kutatsala mlungu umodzi kuti gemu ipite ku fakitale ya makaseti, masana ena kunamveka munthu akukwera masitepe pang'onopang'ono. Anali a Denroku, okha, atavala chipewa ndi magalasi kuti asadziwike mumsewu. A Shibatani anali atachoka. Mlendoyo anapempha kuti ayese gemu. Anagwira mabatani ngati akugwira nkhanu yamoyo, ndipo galu wa mu msewu woyamba anamugwetsa kasanu ndi kawiri.

“Galu ameneyu ndi wa ndani? Pa siteji galu amandimvera ine!”

“Kuno amamvera Habara,” anatero Tokiko.

Habara anawalumphitsira ku mathero kuti aone. Anadina, mbale inakhuthuka, anagwedeza mutu kuvomereza. Tokiko anawapatsa tiyi. Anamwa theka, n'kukhala akuzunguza kapu m'manja.

“Mayi Nagase, ndikufunseni chinthu, koma Kusaka asamve. Zaka 22 ndanyamula mbale imeneyi. Pa siteji singafike, ndikudziwa. Koma umu, m'kabokosi kanu umu, singafike kamodzi kokha? Pena pake pobisika, poti anthu sangaone msanga?”

Tokiko anayang'ana Habara. Habara anayang'ana kudenga, akuwerengera malo otsala mu kaseti, kenaka anati akhoza kupeza pang'ono akafupikitsa nyimbo ya wapolisi.

“Ndiye tichite chonchi,” anatero Tokiko. “Mbale imatayika chifukwa Denroku amawerama. Wosewera akapanda kudina kanthu, asawerame. Angoima. Ikatha mphindi yathunthu, gogo atsegule yekha chitseko, atenge mbale.”

“Palibe mwana angakhale mphindi yathunthu osadina,” anatero Habara.

“N'chifukwa chake ndanena mphindi.”

“Nanga gogoyo akalandira anene chiyani?” anafunsa a Denroku. “Zikomo?”

“Ayi. Adye kaye, kenaka anene kuti, ‘Yazizira.’”

A Denroku anaseka mpaka anachotsa magalasi kuti apukute misozi. Tokiko anali atawaona akuseketsa anthu mazanamazana, koma aka kanali koyamba kuwaona iwo akuseka. Anapangana atatuwo kuti asauze munthu, ngakhale a Shibatani.

Gemu inatuluka mu Disembala 1986, kutatsala pang'ono kuti ana alandire ndalama za chaka chatsopano. Inagulidwa ndithu, chifukwa cha dzina la Denroku. Koma pofika pakati pa Januwale foni ya ku ofesi inayamba kulira osapuma. Ana ochenjera anali atafika ku mathero, ndipo makolo anakwiya. A Shibatani ankati foni ikalira n'kuthawira kuchimbudzi. Habara ankanamizira kuti sakumva. Tokiko anakokera foniyo pa tebulo lake.

“Kaseti yanu ndi yakufa!” anakalipa bambo wina wa ku Sakai. “Mwana wanga wavutika milungu itatu, kufika kumapeto gemu yaima, kudina, munthu wadzithira msuzi. Tikufuna ina!”

“Bambo, Loweruka mumaonera Denroku?”

“Timaonera banja lonse.”

“Munamuonapo atafikitsa mbale?”

“Ayi.”

“Ndiye kaseti yanu ili bwinobwino. Mwana wanu wamaliza gemu yovuta kwambiri. Mumuuze kuti mayi amene anaijambula akuti ndi katswiri.”

Ena ankaseka n'kudula foni, ena ankatukwana. Magazini ina ya magemu inalemba kuti imeneyi ndi gemu yochitira ana nkhanza, n'kuipatsa mapointi ochepa kuposa ina iliyonse mwezi umenewo. Chiharu anabwera kuchokera kusukulu akulira, ati anzake akumunena kuti mayi ake anapanga gemu yopanda mathero. Tokiko anamukhazika pansi n'kumufunsa kuti anzakewo asiya kuisewera kodi. Chiharu anati ayi, amaisewera tsiku lililonse, ndipo akagwetsa chinthu m'kalasi onse amati lero kunja kwacha bwino.

“Ndiye ukulira chiyani? Pukuta mamina, tiye tikagule nsomba.”

Chinsinsi chija Tokiko sanamuuze ngakhale mwana wake.

Chinaululika mu Juni, nyengo ya mvula. Ku ofesi kunafika kalata yolembedwa ndi pensulo, yochokera ku Tottori, ya mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi dzina lake Wakana. Analemba kuti anafika pakhomo pa gogo, ndipo asanadine mvula inayamba, mayi ake n'kumukuwira kuti akaanule zovala. Atabwerako anapeza chitseko chili chotsegula, gogo akudya, kenaka gogoyo anati yazizira. Anakanena kusukulu, koma onse anamutcha wabodza, ndipo anyamata anayesa kunyumba kwawo osaona kanthu chifukwa sankatha kudikira. “Chonde,” inatha motero kalatayo, “mundilembere kuti sindine wabodza, ndipo mudinde chidindo cha kampani.”

A Shibatani anawerenga kalatayo kawiri, n'kuyang'ana antchito awo awiri.

“Gogo akudya? Mu gemu yanga muli gogo akudya, ine osadziwa?”

“Munkafuna mathero opambana, abwana,” anatero Tokiko. “Alimo. Chidindo chili kuti?”

Analemba yankho pa pepala la kampani, kunena kuti Wakana wa ku Tottori wanena zoona, ndipo ndi munthu woyamba m'dziko lonse kuona Denroku atafikitsa mbale. Anadinda chidindo chofiira, n'kupita nalo ku Namba kuti a Denroku asainenso. Iwo anasaina ndi burashi, zilembo zikuluzikulu, n'kufunsa ngati mwanayo anaseka. Tokiko anati kalatayo sinanene. A Denroku anati amufunse.

Nkhaniyo inafalikira kuchokera ku sukulu ya Wakana mpaka inafika m'magazini yomwe ija, imene tsopano inalemba masamba awiri athunthu. M'chilimwe chimenecho m'nyumba zambiri munali ana atakhala patsogolo pa kanema, manja atawapanira m'khwapa, akuwerenga mpaka 60, ang'ono awo akuwakankha kuti adine. Makaseti amene anatsalira m'masitolo anatha. Wakana anayankha kuti sanaseke, anamva chisoni chifukwa Denroku anavutika ulendo wonse, koma mayi ake ndi amene anaseka mpaka kukhala pansi. A Denroku anasunga kalata imeneyo m'chikwama chawo cha zopakapaka.

Kampani ya a Shibatani inapanganso magemu ena atatu, onse ojambulidwa ndi Tokiko, koma palibe inamveka ngati yoyamba ija. Makina atsopano atabwera, ofuna anthu makumimakumi pa gemu imodzi, a Shibatani anatseka ofesi mu 1992 n'kubwerera ku zidole. Habara anapita ku Tokyo, kumene anadzakhala mkulu pa kampani yaikulu, ndipo chaka chilichonse ankatumiza khadi la chaka chatsopano lokhala ndi mzere umodzi wodandaula za mitambo yake. A Denroku anasiya siteji atadwala matenda oumitsa ziwalo, ndipo anamwalira mu 1998. Tokiko anapita ku maliro, anakhala kumbuyo, ndipo a Kusaka, amene tsopano anali ndi imvi, anamuona n'kudzamutenga kuti akakhale pamodzi ndi abale.

Tokiko sanasowe ntchito. Anapita ku kampani yopanga zikwangwani zamagetsi za m'mabasi ndi m'masiteshoni, kumene anajambula zilembo ndi timivi kwa zaka 18. Anaphunzitsa Chiharu mpaka anakhala namwino, anagula kanyumba kakang'ono pafupi ndi doko ku Izumiotsu, n'kupuma ntchito ali ndi zaka 60. Pamenepo n'kuti ana aja a 1986 atakula, ali ndi ana awo, ndipo ena a iwo atayamba kusakasaka makaseti akale m'masitolo a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Nthawi zina ankamupeza, kumupempha kuti asaine pa kaseti yotuwa. Ankasaina, koma akayamba kumutamanda kwambiri ankawadula n'kuwafunsa ngati galu wa mu msewu woyamba anamudutsa okha kapena anawathandiza akulu awo.

Ali ndi zaka 68 kunabwera atsikana awiri pakhomo pake, Kanae ndi Shiori, atanyamula bokosi la makeke. Anali atasiya ntchito ku kampani ina n'kuyamba kupanga gemu yawo ya pa foni, ya timadontho ngati zakale, yonena za nyamayi, kanyama ka m'nyanja ka miyendo yambiri, yothawa pa msika wa nsomba. Anamuonetsa zimene anajambula, n'kupempha kuti angowauzako maganizo ake.

Tokiko anavala magalasi, anayang'ana foniyo kwa nthawi, n'kufunsa kuti ndani wa iwo anagwirapo nyamayi yamoyo. Onse awiri anayang'anana.

“Ndinadziwa. Miyendo yonse ikuyenda pamodzi ngati asilikali. Mawa m'mawa tikumane ku doko, boti la nsomba la a Hamaguchi likamafika. Muvale nsapato zoti zinyowe.”

“Ndiye kuti mutithandiza, agogo?” anafunsa Kanae.

“Agogo ndi amako. Ine ndine Mayi Nagase. Ofesi yanu ili ndi mpando wotsamira?”

“Tili ndi mipando iwiri yokha.”

“Mugule wachitatu. Ndizibwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo nkhomaliro ndimadya 12 koloko, kaya kompyuta yapsa.”

Mpandowo anagula mlungu womwewo. Gemu ya nyamayi inatuluka patatha chaka ndi theka, ndipo atatuwo ali pakati pa yachiwiri, ya mphaka wokhala pa siteshoni ya sitima. Tokiko akuti mchira wake sunafikebe pamene iye akufuna, ndipo wauza atsikanawo kuti tsiku lotulutsa gemu alisunthe.